Ma syntax object awiri amafanana liti? Zolemba za ntchito ya expander, Juni mpaka Ogasiti

Juni, kumayambiriro

Parser, gawo lowerenga khodi yolembedwa, yatha ndipo mayeso ake onse akudutsa. Ikawerenga fayilo imatulutsa mtengo wa ma syntax object, ndipo nthambi iliyonse imanyamula zinthu zitatu: chimene chalembedwa (dzina, nambala, string, kapena mndandanda wa nthambi zina), malo ake mu fayilo, ndi gulu la ma scope (zizindikiro zosonyeza dera la pulogalamu kumene dzina likugwira ntchito), limene pakadali pano mulibe kanthu.

Kwa amene mwangolowa kumene: tikupanga chilankhulo chaching'ono chophunzitsira ana a sekondale kulemba mapulogalamu. Mawu ake ndi a Chichewa, monga `ika`, `sintha`, `ngati`, `apo-ayi` ndi `bwereza`. Kalembedwe kake ndi ka mabulaketi ngati ka Scheme, koma tikuchimanga ndi Python chifukwa ndi imene tonse atatu tinaizolowera. Tilipo ine, achemwali a ku Chilomoni amene amaona za mayeso ndi mauthenga a zolakwika, ndi amwene a ku Limbe amene maso awo amangokhala pa liwiro. Otiyesera pa ana ndi aphunzitsi amene amayendetsa kalabu ya kompyuta pasukulu ina ku Ndirande.

Chotsatira ndi ma macro, khodi imene imatambasulidwa kukhala khodi ina pulogalamu isanayende. Aphunzitsi akufuna azitha kupanga okha mawu atsopano, monga `pokhapokha` kapena `mpaka`, popanda kutiimbira foni.

Juni, sabata yachiwiri

Expander, gawo lotambasula ma macro, ikuyenda, koma ili ndi matenda awiri ochokera pa muzu umodzi. Macro yoyesera ndi iyi:

```
(macro (sinthanitsa a b)
  (ika chosungira a)
  (sintha a b)
  (sintha b chosungira))
```

Kuti `chosungira` cha macro chisasokonezeke ndi `chosungira` chimene mwana angakhale atalemba yekha, expander imapanga scope yatsopano nthawi iliyonse macro ikaitanidwa, n'kuimata pa mayina onse ochokera m'thupi la macroyo. Njira imeneyi ndi ya Matthew Flatt. Racket, chilankhulo cha m'banja la Scheme, inayamba kuigwiritsa ntchito mu 6.3, m'chaka cha 2015, ndipo mwini wakeyo anaifotokoza pamsonkhano wa POPL mu 2016. Mfundo yake ndi yakuti dzina si zilembo zokha, koma zilembo pamodzi ndi gulu la ma scope. Vuto la mayina a macro kugundana ndi a wolemba pulogalamu ndi lakale ndithu, Eugene Kohlbecker ndi anzake analilemba kale mu 1986.

Ukaitana `sinthanitsa` kamodzi, zonse zili bwino. Ukaiitana kachiwiri mu ntchito yomweyo, compiler, gawo losandutsa khodi yathu kukhala ya Python, ikukana, ikuti `chosungira` chaikidwa kale. Chifukwa chake n'chakuti khodi yomata scope ikulemba `nthambi.ma_scope.add(s)` pa nthambi zenizeni za thupi la macro, osati pa kope. Kuitana koyamba kukumata scope yoyamba, kwachiwiri kukumata ina pa nthambi zomwezo, ndipo popeza zotuluka za kuitana koyamba zikugwirabe nthambi zimenezi, mbali zonse ziwiri zikupezeka ndi ma scope ofanana. Kunena zoona palibe `chosungira` chachiwiri. Ndi chinthu chimodzi mu memory chimene chapachikidwa pa malo awiri a mtengo.

Matenda achiwiri awapeza ndi achemwali. Expander imalembanso malo a kuitana pa nthambi zotuluka, cholinga choti uthenga wa cholakwika uloze pamene mwana analemba macro. Poti nthambizo n'zogawana, cholakwika cha pa mzere 12 chikulozedwa pa mzere 40, pamene macro inaitanidwa komaliza. Kwa mwana wa Fomu 2 bola uthenga wopanda mzere n'komwe. Ukamulozera mzere wabwinobwino adzakhala akuuyang'anitsitsa mpaka belu kulira.

Amwene aika `copy.deepcopy`, imene imakopera nthambi zonse, pakhomo pa expander ndipo matenda onse awiri azimiririka. Tasiya choncho kuti Loweruka aphunzitsi akhale ndi chowaonetsa ana. Ine sizikundikhutiritsa. Nthambi zimadutsa m'manja ambiri, ndipo macro iliyonse imene aphunzitsi adzalembe idzakhala ndi mphamvu yomweyo yosintha zinthu za eni.

Juni, chakumapeto

Kuli chiperoni, palibe amene anafuna kukwera minibasi, ndiye takambirana pa WhatsApp. Funso linali limodzi: nthambi ziziloledwa kusinthidwa kapena ayi?

Amwene anaima pa chizolowezi cha Python yeniyeniyo. Nthambi za `ast`, mtengo wa khodi ya Python, zimasinthika, `NodeTransformer` imakonza mtengo pomwepo, ndipo anthu akhala akumanga nazo zida kwa zaka zambiri. N'zoona. Koma malangizo a Python omwewo amachenjeza kuti nthambi zina zimene `ast.parse` imatulutsa, monga `ast.Add` ndi `ast.Load`, zimakhala chinthu chimodzi chogawana paliponse pamene zaonekera, moti ukasintha chimodzi wasintha zonse. Ndi matenda athu aja. Kusiyana kwake n'kwakuti Python ilibe ma macro, ndiye mtengo wake umagwiridwa ndi anthu ochepa odziwa zimene akuchita. Kwathu kuno mtengo tikuupereka kwa khodi ya wina aliyense.

Mu Racket syntax object sisinthika. Ukafuna kuimata kanthu ndi `syntax-property` umalandira object ina, yakale ili chikhalire. Anthu amenewa anafika patali: PLT Scheme, dzina lisanasinthe kukhala Racket mu 2010, inachotsa `set-car!` ndi `set-cdr!` pa ma pair wamba mu 4.0, m'chaka cha 2008, n'kusiyira `mcons` amene akufunadi zosinthika. Roslyn, compiler ya C# ya Microsoft, nayonso mitengo yake sisinthika. Ukafuna kukonza nthambi imodzi umamanganso zokhazo za m'njira yopita kumuzu, zina zonse umazigwiritsanso ntchito momwe zilili. Apa ndi pamene amwene anatembenukira, chifukwa anaona kuti kukopera mtengo wonse sikudzafunikanso. Chinthu chimene palibe angachisinthe utha kuchipachika malo khumi osadandaula.

Tagwirizana. Kalasi tsopano ili motere:

```
@dataclass(frozen=True)
class Nthambi:
    zamkati: object
    malo: Malo
    ma_scope: frozenset
```

Chenjezo kwa aliyense wogwira fayiloyi: `frozen=True` imangoletsa kulemba `nthambi.zamkati = ...` basi. Ngati mu `zamkati` muli `list`, list imeneyo isinthikabe ndi `append`. Ndiye nthambi za m'kati zizikhala mu `tuple`, ma scope mu `frozenset`, ndipo `Malo` nayonso ikhale frozen. Mu `__post_init__` muli khodi yokana list, dict ndi set. `deepcopy` yachotsedwa.

Julayi, sabata yoyamba

Kale achemwali ankafananitsa zotuluka za expander pozisindikiza kaye kukhala mawu. Ataona kuti dataclass yabwera ndi `==` yaulere anasamukira komweko: khodi yolowa, khodi yoyembekezeka, zonse kudutsa mu parser, kenako `assert zotuluka == zoyembekezeka`. Mayeso ambiri agwa. `__eq__` imene dataclass imapanga imayang'ana zigawo zonse zitatu, ndiye `(+ a 1)` ya pa mzere 3 sikufanana ndi `(+ a 1)` ya pa mzere 9.

"Achimwene, ingoikani `compare=False` pa `malo`, nkhani ithere pomwepo," anatero achemwali. Ndipo sali okha. Mu Clojure nambala ya mzere imakhala mu metadata, ndipo metadata silowa mu `=`. Mu Rust, laibulale ya `syn` ikamafananitsa mitengo silabadira ma span.

Ine ndinafunsa za `ma_scope`. Akalowa mu `==`, mayeso agwabe, chifukwa scope imene expander yangopanga kumene singapezeke mu khodi yolembedwa pamanja. Akapanda kulowa, ndiye kuti tikunena kuti `chosungira` cha macro ndi `chosungira` cha mwana n'zofanana, chimene ndi bodza limene expander yonse inalembedwera kuti ilithetse.

Titakokanakokana tinaona kuti munthu akafunsa ngati ma syntax object awiri ndi ofanana, akhoza kukhala akufunsa zosiyana kwambiri. Mwina akufunsa ngati ndi chinthu chimodzi mu memory. Mwina ngati akasindikizidwa amaoneka chimodzimodzi. Ngati ndi mayina, mwina akufunsa ngati akuloza chinthu chimodzi, kapena ngati limodzi litaikidwa ndi `ika` linalo lingagwidwe. A Scheme anapatsa funso lililonse dzina lake. Loyamba ndi `eq?`, lachiwiri ndi `equal?` utavula kaye nthambi ndi `syntax->datum`, ndipo omaliza awiriwo ndi `free-identifier=?` ndi `bound-identifier=?`, amene amayenda ndi `syntax-case` ya Kent Dybvig ndi anzake, imene inalowa mu R6RS, chikalata cha malamulo a Scheme, mu 2007. Mu Racket ukalemba `(equal? #'a #'a)` umalandira `#f`. Poyamba zimaoneka ngati nkhanza. Koma Python nayo n'chimodzimodzi: nthambi ziwiri za `ast` zimafanana pa `==` pokhapokha zikhale chinthu chimodzi. Kwa zaka anthu ankadutsira pa `ast.dump`, ndipo `ast.compare` inabwera mu 3.14, ili ndi `compare_attributes` kuti wofunsa asankhe yekha ngati malo alowe kapena ayi.

Pamene kusinthika ndi kufanana kumakumanirana anafotokozapo bwino Henry Baker mu 1993, ndi lingaliro lake la `egal`. Zinthu ziwiri zosasinthika n'zofanana ngati zamkati mwake n'zofanana, pamene zinthu ziwiri zosinthika n'zofanana pokhapokha zikhale chinthu chimodzi. Ma K1,000 awiri mutha kusinthana ndi mnzanu popanda wodandaula, koma maakaunti awiri a Mpamba amene lero onse ali ndi K1,000 simungasinthane, chifukwa mawa mu imodzi mulowa malipiro. `===` ya Julia imayenda motero, ndipo Racket inaonjezera `equal-always?` mu 2022 pa chifukwa chomwecho. Nthambi zathu za kumayambiriro kwa Juni sizikanatheka kuzifananitsa ndi zamkati, chifukwa yankho la m'mawa likanasiyana ndi la madzulo. Tsopano n'zotheka. Koma Baker satiuza kuti pa zigawo zitatuzo tiwerengere ziti.

Pakadali pano achemwali apambana: `compare=False` pa `malo` ndi pa `ma_scope`, kuti mayeso ayende. Ndalemba pamwamba pa kalasi kuti ndi zongoyembekezera.

Julayi, pakati

Zongoyembekezerazo sizinakhalitse.

Amwene aika `functools.lru_cache`, cache yosunga mayankho akale, pa ntchito imene imasandutsa nthambi kukhala khodi ya Python, kuti nthambi yobwerezabwereza isamasandutsidwe kawiri. Poti kalasi ndi frozen ndipo ili ndi `__eq__`, dataclass inapanganso `__hash__`, yopereka nambala imene dict ndi cache zimapezera chinthu, ndiye cache inalandira nthambi popanda kufunsa. Lingaliro lake silinali loipa. Zimene zatuluka ndi izi.

Pulogalamu yokhala ndi `(onetsa 1)` kenako `(onetsa 1.0)` ikusindikiza `1` kawiri. Mu Python `1 == 1.0` ndi zoona, `1 == True` ndi zoonanso, ma hash awo ndi amodzi, ndiye kwa cache nthambi ya `1`, ya `1.0` ndi ya `zoona` ndi chinthu chimodzi. `typed=True` sikuthandiza chifukwa imangoona mtundu wa chakunja, ndipo zonsezo ndi `Nthambi`. `0.0` ndi `-0.0` nazonso zikusakanikirana.

Uthenga wolozera mzere wolakwika wabwereranso, koma podzera njira ina. `(/ a 0)` ya pa mzere 30 ikulandira khodi imene inasandutsidwa kuchokera pa `(/ a 0)` ya pa mzere 7, ndipo nambala ya mzere inali itamatidwa kale m'katimo.

Choopsa kwambiri ndi chachitatu, chifukwa sichipereka uthenga uliwonse. Mwana akakhala ndi `chosungira` chake, n'kuitana `(sinthanitsa chosungira x)`, cache ikupatsa mayina onse awiri dzina limodzi la Python. Pulogalamu ikuyenda mpaka kumapeto, yankho n'kukhala lolakwika.

Ndiye ndaima apa. `==` si ya mayeso okha. Dict, set, `in`, `index`, cache, zonsezi zimaikhulupirira, ndipo zimamva kuti ichi chikhoza kulowa m'malo mwa icho. Nthambi ziwiri zooneka mofanana sizingalowerane m'malo. Zimaloza mizere yosiyana, ndipo nthawi zina zimalozanso zinthu zosiyana. Tikapatsa `==` tanthauzo limodzi mwa anayi aja, khodi ina imene inkafuna tanthauzo lina idzalandira yankho mwakachetechete n'kupitiriza ulendo.

Njira ya Racket ikanakhala `eq=False`, kuti `==` izingofunsa ngati ndi chinthu chimodzi. Ine ndapitirira pamenepo. `__eq__` ya `Nthambi` tsopano imaponya `TypeError`, ndipo uthenga wake umatchula mayina a ntchito zimene munthu angasankhe. Popeza kalasi ikakhala ndi `__eq__` yakeyake Python imaika `__hash__` kukhala `None`, ndabwezerapo `__hash__ = object.__hash__`. Dict ikugwirabe ntchito, chifukwa imayamba kuona hash ndi `is` isanafike pa `==`. Koma `nthambi in mndandanda` ikuphulika, ndipo kuphulikako kwatilozera malo angapo mu expander amene ankafananitsa mayina ndi zilembo zokha.

"Aise, zimenezi ndiye zonyanyira. A Racket amangoti `#f` n'kupitiriza," anatero amwene. Ndinawayankha kuti ogwiritsa Racket ali ndi malangizo aatali oti awerenge, pamene aphunzitsi athu akadzalemba `(== a b)` m'kati mwa macro n'kulandira `zabodza` pa mayina awiri ooneka ofanana, adzaganiza kuti chilankhulo n'chowonongeka, kapena kuti iwowo ndiye sakumva. Achemwali anabwera mbali yanga ataona kuti uthengawo ndi mpata wophunzitsira. Aulemba okha, ndipo ndi wabwino kuposa umene ndinaika ine.

Ntchito zimene zilipo tsopano ndi `maonekedwe_ofanana`, `angagwirane` ndi `akuloza_chimodzi`, kuphatikizapo `is` ya Python. `maonekedwe_ofanana` silabadira malo kapena ma scope, koma imayamba kuona mtundu wa chinthu isanaone kukula kwake, ndiye `1` ndi `1.0` n'zosiyana. Mayeso a maonekedwe akugwiritsa imeneyi. Mayeso oona ngati mayina akugundana tawasintha: akuyendetsa pulogalamu n'kuona yankho. Cache ya nthambi yachotsedwa, m'malo mwake amwene akusunga zotuluka za fayilo yonse, kiyi yake ndi hash ya mawu a mu fayiloyo.

Julayi, chakumapeto

`angagwirane` ndi yosavuta. Zilembo zifanane, ma frozenset afanane, basi. Ndi imene ikugwira `(ntchito (f a a) ...)`, n'kulola `a` wa macro ndi `a` wa mwana kukhala limodzi pamndandanda wa zolowa popanda phokoso.

`akuloza_chimodzi` ndi imene yatidyera nthawi. Iyenera kupita ku tebulo la mayina oikidwa n'kufufuza dzina lililonse. Lamulo lake ndi la Flatt lija: mwa zoikidwa zonse zokhala ndi zilembo zimenezo, tengani zimene ma scope ake onse akupezeka mu gulu la dzina lofunsidwa, kenako musankhe chokhala ndi gulu lalikulu limene laphimba magulu ena onsewo. Pakapanda chotero, dzinalo n'losokonekera ndipo compiler ikane.

Chimene sitinachiganizire bwino n'chakuti tebulolo limakula expander ikamayenda. Nthambi zathu zauma ndithu, koma yankho la `akuloza_chimodzi` pa nthambi ziwiri zomwezo likhoza kukhala inde tsopano n'kudzakhala ayi mizere iwiri kutsogolo. Chitsanzo ndi `posankha`, macro yathu yofanana ndi `cond`. Imazindikira `apo-ayi` pofunsa ngati dzina limene mwana walemba likuloza `apo-ayi` wa chilankhulo. Ndiye tiyerekeze kuti m'thupi la ntchito muli macro imene yafunsa kale funsoli, kenako pansi pake pakubwera `(ika apo-ayi 0)`. Scope ya thupilo inamatidwa kale pa mayina onse, ndiye chikangolowa mu tebulo, `apo-ayi` wa pamwamba uja nayenso wasintha tanthauzo, koma chisankho chinapangidwa kale. R6RS ili ndi lamulo loletsa zoterezi, lakuti choikidwa m'thupi chisasinthe tanthauzo la dzina limene lagwiritsidwa kale ntchito pozindikira mizere ya pamwamba.

Ichi ndi chifukwa china chokanira kuti `==` itanthauze "akuloza chimodzi", zimene amwene anafunsapo. Kufanana kumene kumadalira tebulo losinthika sikungakhale maziko a hash. Ndachititsa kuti tebulo lizilowa poyera ngati cholowa chachitatu, `akuloza_chimodzi(a, b, tebulo)`, kuti wowerenga khodi aziona kuti yankho lili ndi nthawi yake. Expander ikulembanso mayina amene yafunsapo m'thupi lililonse, ndipo `ika` wina akadzasintha yankho ikukana.

Aphunzitsi titawafotokozera anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Zonsezo n'zabwino, koma mwana wanga wa Fomu 1 asamaloledwe n'komwe kutcha chinthu `apo-ayi`." Akunena zoona. Pa gawo la oyamba kumene mawu a chilankhulo tawatseka, ndipo uthenga ukungoti dzina ili ndi la chilankhulo, sankhani lina. Makina onse aja atsalira olemba ma macro.

Ogasiti, kumayambiriro

Liwiro. `ntchito` iliyonse imamata scope pa thupi lake lonse, ndipo poti nthambi sizisinthika, kumata ndi kumanganso nthambi zonse za m'thupilo. Nthambi imene ili m'kati mwa zigawo khumi ikumangidwa kakhumi. Kuya kukawirikiza kawiri, ntchito ikuwirikiza pafupifupi kanayi. Pa kompyuta yanga sizikuoneka, koma pa malaputopu akale a ku kalabu, macro ikamaitana macro inzake, mwana akudikira.

Mankhwala ake ndi akale, ali mu `syntax-case` ya Dybvig ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Scope usaitsitse mtengo wonse nthawi imodzi. Ipachike pa nthambi ya pamwamba ngati ngongole, ndipo wina akatsegula nthambiyo ndi pamene uitsitsire pa nthambi za pansi pake, sitepe imodzi yokha. Ndiye tili ndi `tsegula(nthambi)`, ndipo khodi ina iliyonse ikudutsira pomwepo, `zamkati` yasanduka `_zamkati`.

Kuti kutsitsako kusabwerezedwe, zotuluka ziyenera kusungidwa mu nthambi yomweyo, ndipo njira yake ndi `object.__setattr__`, imene imalambalala `frozen`. Amwene ataona mzere umenewu anaseka: "Ndiye mwezi wonse uja timaumitsa chiyani?" Funso lake ndi labwino. Chimene tinakana mu Juni ndi kusintha kumene wina wogwira nthambi yomweyo angakuone. Apa palibe angakuone. Nthambi isanatsegulidwe ndi itatsegulidwa imapereka mayankho omwewo pa ntchito zonse zitatu zofananitsira, ndipo ukaitana `tsegula` kawiri umalandira tuple yomweyo pa `is`. Expander ya Racket nayonso imachita zotere m'kati mwake. Malire amene taika ndi akuti `object.__setattr__` izipezeka mu fayilo imodzi yokha, malo amodzi, ndipo achemwali alemba mayeso amene amafufuza mawu amenewa m'mafayilo ena onse.

Tikanasiya `__hash__` ya dataclass ija, apa tikanagwa: hash ikanasintha nthambi ikatsegulidwa, ndipo nthambi yoikidwa mu dict isanatsegulidwe sikanapezekanso. Popeza hash yathu imangodalira chinthucho, palibe chagwedezeka.

Ogasiti, pakati

Makomo awiri anatsala, lolowera ndi lotulukira.

Lolowera: macro ya aphunzitsi ikhoza kumanga mndandanda wamba wa chilankhulo chathu, umene umasinthika, n'kuubweza ngati khodi. `ku_nthambi` ndi imene imausandutsa, monga `datum->syntax` ya Racket. Ikukopera zonse kupita mu tuple, kuti macro ikadzasintha mndandanda wake pambuyo pake mtengo usamve. Ikukananso mndandanda wodzinyamula wokha m'kati mwake, chifukwa ungazungulire mpaka memory kutha. Racket imachitanso zonsezi: ma vector ndi ma box amasanduka osasinthika, string yosinthika imasanduka yosasinthika, ndipo zozungulira imazikana. Kumene tasiyana nayo n'kwakuti iyo imalola chinthu china chilichonse, ngakhale procedure, kulowa mu syntax object, zimene amazitcha 3-D syntax, kenako zimadzakanika polemba fayilo ya `.zo`, yosunga zotuluka za compiler. Ife tikukaniratu pakhomo. Zololedwa ndi dzina, nambala, string, `zoona`, `zabodza` ndi mndandanda wa zomwezi.

Lotulukira tinalidziwa kuchokera ku Ndirande. Mwana wina analemba izi:

```
(ntchito (zoyambira) (gwira (1 2 3)))
```

Anaitana `zoyambira`, anaonjezera 4 ndi `onjezera`, ataitananso analandira `(1 2 3 4)`. Aphunzitsi anatitumizira chithunzi cha sikirini n'kufunsa ngati ndi mmene ziyenera kukhalira. Compiler imavula nthambi ya `gwira` (`quote` yathu, yobweza zolembedwa momwe zilili) kamodzi, n'kusunga list imodzi ya Python imene kuitana kulikonse kumabweza. Amene anapsapo ndi `def f(x=[])` mu Python akuzidziwa zimenezi. Mtengo wa nthambi sunakhudzidwe, koma kwa mwanayo zikuoneka ngati khodi yake yadzilembanso yokha.

R7RS, chikalata cha malamulo a Scheme cha mu 2013, imangonena kuti kusintha chinthu chochokera mu `quote` ndi kulakwa, osakakamiza compiler kuti igwire wolakwayo. Racket imapereka ma string ndi ma vector olembedwa mu khodi ali osasinthika, wofuna kusintha amalandira uthenga. Ine ndinkafuna njira imeneyi chifukwa ikugwirizana ndi zonse tachita. Aphunzitsi anakana. Anati mu temu yoyamba mwana asakumane ndi mindandanda ya mitundu iwiri yooneka mofanana, wina wolola `onjezera` wina wokana. Ndiye `gwira` tsopano imamanga mndandanda watsopano nthawi iliyonse ikafikidwa. Mtengo wake ndi wakuti `gwira` ya m'kati mwa `bwereza` imadya memory pa kuzungulira kulikonse, komanso kuitana kuwiri kwa `zoyambira` kumabweza mindandanda yofanana pa `==` koma yosakhala chinthu chimodzi. Tavomera. Amwene akufuna compiler izidzagawana mndandanda umodzi pamene ingatsimikize kuti palibe ausintha, koma zimenezo n'za mtsogolo.

Zotsala pa gawo lino. Nthambi yochokera mu macro ikufunika malo awiri, pamene inalembedwa m'thupi la macro ndi pamene macro inaitanidwa, ndipo macro ikaitana inzake malowo akhale unyolo. Achemwali atenga imeneyi chifukwa ikukhudza mauthenga. Macro yolembedwa ndi kuitanidwa m'thupi limodzi ikufunika scope ina yapadera yomata pa zolowa zake, imene Flatt amaitcha use-site scope, ndipo ndiyamba ine Lolemba. Amwene akuyamba chida chokonza maonekedwe a khodi ya ana, ndipo afunsa kale kuti `1.0` ndi `1.00` ziziwerengedwa bwanji, poti parser imataya mawu enieni n'kusunga nambala yokha. Zikuoneka kuti `Nthambi` ilandira chigawo chachinayi chosunga mawuwo, ndipo `maonekedwe_ofanana` sidzachiyang'ana pokhapokha wofunsa anene.